Amalume odziwa za ku America

Pa banja lathu munthu amene amadziwa za ku America ndine. Sindinapiteko, ndege ndimaionera kumimba ikamatsikira ku Lumbadzi, koma udindowu sindinaube. Ndili mnyamata ndinanyamulako zikwama za mzungu wina amene ankaphunzitsa pa sekondale ya kwathu, ndipo pochoka anandisiyira tochi yopanda mabatire. Ndilinso ndi juzi ya pa kaunjika yolembedwa Michigan pachifuwa. Pa wailesi pakamveka Chingerezi cha m'mphuno chija, achibale onse amatembenukira kwa ine, ine n'kugwedeza mutu pang'onopang'ono, nkhani n'kuthera pomwepo.

Ndiye mwana wa achemwali anga atakhoza MSCE ndi mapointi 9, n'kunena anthu akumva kuti akufuna kuyesa mwayi ku makoleji a ku America, sipanafunike chisankho. Alamu anangopukuta m'manja n'kunena kuti, "Iyi ndi ya amalume ake." Kwathu mwini mbumba ndi malume. Ndinavomera ndi manja awiri, ndipo tsiku lomwelo ndinasiya kuyankha msanga anthu akandipatsa moni.

Langizo langa loyamba linali lomveka bwino. Mwana agule fulusikapu ndi envulopu ya khaki, alembere ahedi a ku Harvard kalata yaulemu, ayambe ndi kufunsa za moyo wawo ndi wa banja lawo, kenaka afotokoze vuto lake. Mkati tiikemo fotokope ya satifiketi yodindidwa, ndi chithunzi chimene anajambulitsa atavala yunifomu ya kwaya. Mwanayo anamvetsera maso ali pansi, monga analeredwera. Nditamaliza anatulutsa foni yong'aluka galasi n'kundionetsa chinthu chotchedwa Common App: fomu imodzi ya pa intaneti imene makoleji opitirira 1,000 amalandira. Ukaidzaza kamodzi, umangosankha kumene ipite.

"Sitampu sifunika, amalume."

Ndinamuuza kuti ndimamuyesa dala.

Usiku umenewo ndinamva kuti ku America kuli makoleji ndi mayunivesite pafupifupi 4,000. Ine ndinkadziwa awiri, Harvard ndi wa pa juzi uja. Ndinamvanso kuti ku Harvard, mwa anthu 100 ofunsira malo, amene amatengedwa zaka zapitazi ndi atatu kapena anayi basi, ndipo ambiri mwa otsalawo ndi ana amene ankakhala nambala wani kwawo, ena ku Lagos, ena ku Seoul, ena ku Mumbai, aliyense ali ndi amalume ake omugwedezera mutu.

Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Ife tinafunsa mpaka nsapato kutha, phulalo tinadyabe. Ndinayambira kwa ometa, chifukwa nkhani zonse za dziko lapansi zimathera pa mpando umenewo. Wometayo anayang'ana chithunzi cha mwanayo n'kupukusa mutu: wafupika, ku America amatenga ataliatali oti akaponye mpira m'kadengu. Mkulu wina wa mpingo anati zonse zimayendera kalata ya abusa. Kondakitala wa minibasi, amene sindinamufunse n'komwe, anati tingolowa mpikisano wa green card basi, mlamu wa mnzake anapita choncho ndipo pano amatumiza mafoni. Aliyense ankalankhula motsimikiza, ndipo pa onsewo panalibe amene anafikako ngakhale ku Mchinji.

Tinakumbuka kuti tili ndi msuweni ku Indiana, kumene Amalawi anachulukana mpaka akuti maliro amayendetsedwa mwachikwathu. Kumupeza kunali ntchito payokha, chifukwa ife tikamadya nkhomaliro iye amakhala akungodzuka, ife tikamagona iye ali kuntchito. Atayankha, anayankha ndi mtima wonse. Mwana adzaze fomu ya FAFSA, boma limuthandiza. Ayambire pa kakoleji ka zaka ziwiri ka pafupi ndi nyumba, n'kotchipa. Asankhe yunivesite ya boma ya m'chigawo chake, fizi imatsika. Ndinalemba zonse m'kope, ndi mizere iwiri kunsi kwake.

Anali malangizo abwino zedi, koma a ana ake, amene anabadwira komweko. FAFSA ndi ya nzika za America ndi ena okhazikika kumeneko mwalamulo, mwana wochokera ku Mponela siimudziwa. Fizi yotsika ija ndi ya anthu okhala m'chigawocho, mlendo amalipira yokwera, kawirikawiri kuwirikiza kawiri kapena kuposa. Nanga kakoleji ka pafupi ndi nyumba, nyumba yake iti? Apa m'pamene pagona vuto la ofunsira malo ochokera kunja: malangizo alipo ochuluka, aulere, operekedwa ndi chikondi, koma ambiri anasokeredwa mwana wa ku America. Ana a kumeneko amauzidwa kuti asankhe makoleji ena ovuta, ena apakatikati, ndi amodzi kapena awiri oti sangakanidwe. Mwana wakunja wofuna kuti amulipirire zonse alibe koleji yoti sangakanidwe. Ikhoza kumukonda ndithu, n'kumukanabe chifukwa cha thumba la bambo ake.

Msuweniyo anatseka ndi kufunsa ngati pali wina wobwera posachedwa woti amutengere ufa woyera ndi usipa.

Kenaka kunabwera bambo wa ofesi. Amenewa sasowa. Anali ndi kachipinda m'tauni, mbendera ya nyenyezi pakhoma, ndi chithunzi chake ataima pa chipale chofewa atavala malaya a manja aafupi, dzuwa likumuwomba mbali imene silinkawomba mitengo ya kumbuyo kwake. Anatitsimikizira malo, sikolashipu ndi viza, zonse pamodzi, bola tipereke kaye ndalama yokwana kugula njinga yamoto. Munthu wolonjeza zimenezi ndi wakuba, chifukwa malo amapereka ndi koleji, viza amapereka ndi a ku ofesi ya kazembe, ndipo onsewo safunsira nzeru kwa bambo wa m'kachipinda. Izi ndikuzinena lero ndi mawu amphamvu. Tsiku limenelo ndinamufunsa ngati angalole kulipira pang'onopang'ono. Anakana, ndipo umphawi unatipulumutsa.

Malo oyenera anawapeza ndi mwanayo, osandiuza. Boma la America lili ndi nthambi yotchedwa EducationUSA, imene ili ndi malo opereka uphungu opitirira 400 m'maiko oposa 170, ku Lilongwe kuno kuphatikizapo, ndipo uphunguwo ndi waulere. Mawu oti ulere sindinawakhulupirire. Ndinavala suti ya pa ukwati wanga, imene masiku ano imandigwira m'khwapa, n'kupinda kandalama ka fanta m'thumba la mkati kuti mwina pafunika kufewetsa wina. Ndinapezeka nditakhala pakati pa ana a zaka 18, aliyense ndi kope lake, ine ndi chipewa pabondo. Kandalamako ndinabwerera nako.

Anatifotokozera kuti ulendowu uli ndi masitepe asanu: kufufuza makoleji, kupeza ndalama, kufunsira malo, kufunsira viza, ndi kukonzekera kunyamuka. Anatinso munthu ayambe kutatsala chaka kapena chaka ndi theka. Ife tinali ndi miyezi yowerengeka, ndipo ine ndinali nditayambira pa sitepe yachisanu. Ndinali nditaikitsa kale jekete yaubweya pa kaunjika, ndi chipewa chotseka makutu.

Funso limene linazizira m'chipindamo linali la ndalama: banja lanu lingathe kulipira zingati pa chaka? Makoleji otchuka amene si a boma amafuna madola opitirira 80,000 pa chaka, kuphatikiza malo ogona ndi chakudya. Ndinachulukitsa pa foni ndi mtengo wa kubanki wa pafupifupi K1,750. Zinatuluka K140 miliyoni. Ndinazimitsa foni, n'kuyatsanso, n'kuchulukitsanso. Inabwereza zomwezo, mopanda ulemu. Ndipo imeneyo ndi ya chaka chimodzi, digiri ndi zaka zinayi.

Chodabwitsa n'chakuti makoleji odula kwambiriwo ndi amenenso ali ndi chuma cholipirira mwana wosauka zonse. Alipo ochepa, monga Harvard, Yale, Princeton, MIT ndi Amherst, amene posankha sayang'ana ngati mwana wakunja ali ndi ndalama kapena ayi, ndipo akamutenga amakwaniritsa chimene banja lalephera. Amenewa amawatcha need-blind, ndipo dziko lonse lapansi limathamangira pa khomo lomwelo. Ena ambiri amayang'ana thumba: ukapempha thandizo lalikulu, mwayi wako umachepa. Kulinso Berea College ku Kentucky, kumene wophunzira salipira fizi koma aliyense amagwira ntchito pasukulupo maola osachepera 10 pa sabata. Alamu atamva zimenezi anawala nkhope, nati mwana wawo khasu amalitha. Koma nakonso alendo amatengedwa ochepa chabe pa chaka.

Pofuna kulimbikitsa banja ndinatulutsa mbiri. John Chilembwe anapita mu 1897 ndi Joseph Booth n'kukaphunzira ku Lynchburg, ku Virginia. Kamuzu anamaliza udokotala ku Meharry mu 1937. William Kamkwamba wa ku Kasungu anamaliza ku Dartmouth mu 2014. Koma amene ndimamukonda ndi Legson Kayira, amene mu 1958 ananyamuka kumpoto wapansi, opanda nsapato, akuti akupita ku America. Atafika ku Kampala analowa mu laibulale, n'kupeza buku la maina a makoleji, n'kulembera Skagit Valley College ya ku Washington. Anamuyankha, anamupatsa malo, ndipo mu 1960 anafika. Mwaona, ndinatero, kalata imagwira ntchito, ndipo mayendedwe si vuto.

"Ndiye mundiperekeza mpaka ku Kampala, amalume?"

Ndinamukumbutsa za bondo langa.

Fomu ya thandizo la ndalama imene makoleji ambiri olemera amafuna imatchedwa CSS Profile, ndipo imafunsa mafunso amene ngakhale ankhoswe safunsa. Bambo amapeza zingati pa chaka, mayi zingati, kubanki kuli zingati, nyumba ndi yanu kapena ya lendi, mukudyetsa anthu angati. Alamu ndi mlimi wa soya ndi chimanga, ndalama imawapeza kamodzi pa chaka n'kuwatsanzika mwezi womwewo. Ine ndinkafuna tilembe zokwererapo kuti azungu asatione ngati anthu wamba. Alamu ankafuna tilembe ziro paliponse, ndipo za mbuzi anakaniratu, ati chuma sichiululidwa kwa alendo, mawa udzangomva zayamba kufa. Mwanayo anatikhazika pansi tonse awiri. Mukakweza, akuti mutha kulipira ndipo adzakulipiritsani. Mukabisa n'kugwidwa, malo omwewo atha. Tinalemba zoona, zimene zinatichititsa manyazi tonse mofanana.

Za mayeso sindichedwapo. SAT ndi mayeso a Chingerezi ndi masamu, masiku ano amalembedwa pa kompyuta, ndipo malikisi amayambira 400 kulekeza 1,600. Nthawi ya Covid makoleji ambiri anati aliyense asankhe yekha kulemba kapena ayi, koma MIT inawabwezeretsa mu 2022, ndipo Dartmouth, Yale, Brown ndi Harvard zinatsatira mu 2024. Zokonzekera zilipo zaulere pa Khan Academy, chimene sichaulere ndi bandulo. Kulembetsa kumafuna khadi yolipira madola, ndipo amene anayesapo kupeza madola m'dziko muno akudziwa kuti ndadumpha ndime yaitali. Mwanayo anapeza 1,380. Agogo ake, amene anavutika zaka zambiri kuti amvetse zoti pa MSCE mapointi ochepa ndiwo abwino, atamva nambala imeneyi anakhala pansi n'kufunsa kuti mwana wawo wamulodza ndani.

Pa fomu paja palinso mipata khumi yolembapo zimene wophunzira amachita kunja kwa kalasi. Tinamva za ana a maiko ena oti pa zaka 16 anayambitsa kale bungwe, analemba buku, amaimba vayolini. Ndinati nafenso tisagone: tilembe kuti ndi wapampando wa bungwe la atsikana la chigawo chapakati, ine ndikhala mlembi ngati angaimbe foni. Mwanayo anakana. Analemba kuti amakazinga ndi kugulitsa mandasi asanapite kusukulu, amalera ang'ono ake atatu mayi akapita kumunda, amaphunzitsa anzake masamu pansi pa mtengo, amaimba alto. Ndinati izi si zochita, ndi moyo chabe. Anandionetsa kuti pa mndandanda wa fomuyo pali gawo la ntchito za pabanja ndi la ntchito yolipidwa. Azungu anaika okha.

Nkhondo yeniyeni inali pa chimangirizo. Common App imafuna nkhani ya munthu mwini, mawu osapitirira 650. Apa ndinati mwana apume, akulu agwire ntchito. Ndinakhala pakhonde ndi dikishonale, n'kulemba chinthu choti mzungu akawerenga agwetse misozi pa kiyibodi. Moni yekha anadya mawu 200. Kenaka ndinamuyendetsa mwanayo makilomita 20 tsiku lililonse, opanda nsapato, kuwoloka mtsinje wa ng'ona, chikhalirecho sukulu yake imaoneka uli pakhomo pawo. Ndinagwetsa denga la nyumba ndi mphepo. Ndinaikamo fisi. Pofika ndime yachitatu ndinaona kuti chisoni chikuchepa, ndiye ndinapha bambo ake.

Ndinawerenga mokweza madzulo, banja lonse litakhala pamphasa. Pamene ndinafika pa maliro, alamu anasiya kutafuna chimanga chootcha.

"Ndafa ndi chiyani, alamu?"

Ndinati sindinaganizebe, mwina mphezi.

"Nanga fomu ya ndalama ija, yoti ndimalima soya, wadzaza ndi mzukwa?"

Achemwali anaseka mpaka kutsokomola, kenaka anakwiya, chifukwa anazindikira kuti m'ndime yotsatira iwo anali atadwala matenda osadziwika.

Mwanayo analemba yake. Inali ya mandasi. Anafotokoza m'mene anazindikirira kuti masiku ena amagulitsa onse koma ndalama osaoneka, n'kuyamba kulemba m'kope mtengo wa ufa, mafuta, shuga ndi makala, mpaka anapeza kuti mafuta akakwera, ndasi lililonse limamudyera ndalama m'malo momupatsa. Anachepetsa kukula kwake pang'ono, makasitomala anadandaula, wina anamunena kuti wayamba umbombo, iye n'kuphunzira kuti masamu akhoza kukhala olondola anthu n'kukwiyabe. Anamaliza ndi kunena kuti akufuna kuphunzira za chuma kuti amvetse chifukwa chimene mtengo wa mafuta ophikira ku Mponela umasinthira anthu akakangana kutsidya la nyanja. Munalibe fisi ngakhale mmodzi. Anthu amene amawerenga zimangirizo masauzande pa chaka ana amasiye opeka awaona ambiri, ndipo chimene amafuna n'kumva m'mene mwanayo amaganizira. Ndinamuuza kuti yakeyo ndi yabwinoko ndithu, kungoti ikusowa moni.

Makalata a umboni anatsala pang'ono kutigwetsa. Makoleji amafuna kalata ya mlangizi wa pasukulu ndi ya mphunzitsi mmodzi kapena awiri, zotumizidwa ndi eni akewo pa intaneti. Sukulu zathu zambiri mlangizi wotere zilibe, ndiye amalemba ndi ahedi. Ine ndinali nditakonza kale zokatenga kalata kwa amfumu, ndi chidindo. Mphunzitsi wa masamu, munthu wabwino kwambiri, analemba mizere iwiri: mtsikanayu ndi womvera, woopa Mulungu, sanapalamulepo. Kwathu kuno umenewo ndi umboni wokwatitsa munthu. Kumeneko amafuna nkhani: anafunsapo funso lotani m'kalasi, anathandiza ndani, amaposa anzake pa chiyani. Mwanayo anachita kubwerera kukawapempha mwaulemu kuti awonjezere, ndipo aphunzitsiwo anadabwa kuti kuyamikira mwana kwambiri sikumuwononga.

Makoleji ambiri amatseka kulandira mafomu kumayambiriro kwa Januwale. Ena ali ndi khomo la Novembala lotchedwa Early Decision, koma limenelo ukatengedwa walonjeza kupita, sungayerekezenso ndi thandizo la kwina. Ife tinali a Januwale. Usiku wa chaka chatsopano anthu akuombera makombola, ife tinali pa sitolo ya mnzanga amene ali ndi jenereta, chifukwa magetsi anali atapita kokondwerera. Makoleji ena amalipiritsa fomu, madola 50 mpaka 90, koma wosauka akhoza kupempha kuti amuchotsere, ndipo pa mpikisano wa kusauka tinali ndi mapepala okwanira. Ntchito yanga usiku umenewo inali kugwira foni m'mwamba pafupi ndi windo kuti netiweki isathawe.

Mayankho anabwera mu Malichi. Azungu amakana mwaulemu woti umayamba wathokoza. Kalata yoyamba inayamikira mwanayo ndime yonse, ine n'kuyamba kuvina, iye n'kundiuza kuti ndiwerenge mpaka pansi. Ena anamuika pa mndandanda wodikira, umene kwa mlendo wofuna thandizo lonse nthawi zambiri sufika. Koma kakoleji kena kakang'ono, m'chigawo chimene ndinachisowa pa mapu, kanamutenga, n'kumuchotsera gawo lalikulu la fizi. Chotsala chinali madola masauzande angapo pa chaka. Kuwonjezera apo tikiti ya ndege, madola 350 olembetsera m'kaundula wa ophunzira akunja wotchedwa SEVIS, madola 185 a viza, ndiponso koleji situmiza fomu ya I-20, imene viza ya wophunzira imadalira, usanaonetse kuti ndalama ya chaka choyamba ilipo. Banja linakumana. Tinawerenga mbuzi zija, tsopano poyera. Sizinafike ngakhale pa tikiti.

Mwanayo analira tsiku limodzi, n'kulembera kolejiyo kuthokoza. Dzina lake linatuluka pa mndandanda wa yunivesite ya boma konkuno, akuphunzira za chuma zomwezo, ndipo akuti adzayesanso pa digiri yachiwiri, kumene ena amalipiriridwa pothandiza kuphunzitsa kapena kufufuza. Akuti ulendo umenewo adzandiuza zonse zikatha. Maloto anga okamuchezera nawonso anaphwa mu Ogasiti 2025, pamene boma la America linalamula kuti Amalawi ndi a ku Zambia ofuna viza yokacheza azisiya chikole cha madola 5,000, 10,000 kapena 15,000. Jekete yaubweya ija ndimavala ndine mu Juni.

Chodabwitsa n'chakuti mbiri yanga yakwera. M'dera lathu mwamveka kuti mwana wa achemwali anga anatengedwa ku America, ndipo amene anayendetsa zonse ndi amalume ake. Makolo akumabwera pakhomo ndi ana awo, ena ndi nkhuku. Nkhukuzo ndikulandira, chifukwa kukana mphatso ndi mwano.

Koma inu amene muli ndi mwana wa Fomu 3 kapena Fomu 4 amene wayamba kutchula za ku America, mutengereni ku EducationUSA chaka chino, mukafunsenso za malamulo a viza musanawononge khobidi, chifukwa akusinthasintha. Mukafika mukhale kumbuyo, muzimusiya afunse yekha. Mukafunabe maganizo anga, ndimapezeka kwa ometa Loweruka m'mawa, ndipo bandulo mubwere ndi yanu.